Mwana wa Chinkhwe Amabadwira M'mphako



Pali mawu ena amene amakhalitsa pakamwa pa anthu ngakhale chinthu chimene amatchulacho chitasowa m'maso. Limodzi mwa mawu otere ndi lakuti chinkhwe. Mwana akalakatula ndime yonse ya m'buku koma osatha kumasulira tanthauzo lake, aphunzitsi amati waloweza ngati chinkhwe. Munthu wongobwereza zonena za anzake pabwalo la milandu amanenedwanso chimodzimodzi. Koma mutati muime pa msika wa Bvumbwe kapena wa Luchenza n'kufunsa ana a sukulu khumi kuti chinkhwe n'chooneka motani, chimadya chiyani, nanga chimaswera kuti, ndikukayika ngati mungapeze awiri okuyankhani. Dzina tikali nalo, koma mwini dzinayo tamuiwala.

Lero ndafuna tikambirane za mbalameyi, ndipo mfundo yanga ndi imodzi. Chinkhwe sichingakhale kumene kulibe mitengo yokalamba yamphako, koma ife tafika poiona mitengo yotere ngati nkhuni zongodikira nkhwangwa. Tikapanda kusintha maganizo amenewa, mbande zonse zimene timabzala chaka ndi chaka sizidzabweza chimene tikutayachi.

Zinkhwe za kwathu

Pa dziko lonse lapansi pali mitundu ya zinkhwe pafupifupi 400, ndipo yoposa 100 mwa imeneyi ili pa chiopsezo chakutha. Ambiri amaganiza kuti chinkhwe ndi mbalame yachilendo, yobwera ndi azungu m'chikwere. Si choncho ayi. Muno m'Malawi tili ndi mitundu inayi yathuyathu.

Mukatsika zitunda za Thyolo kulowera ku chigwa cha Shire, m'nkhalango za Lengwe ndi Majete, mudzamva kulira kwakuthwa ngati mluzu, ndipo mukakweza maso mudzaona mbalame yobiriwira, yamutu wakhofi, imene ikatambasula mapiko imaonetsa nthenga zachikasu kunsi kwake. Ku chigawo chapakati ndi chakumpoto kuli mbale wake wa chikasu pamapewa ndi mimba yobiriwira mopita kumtambo. Chachitatu ndicho chachikulu pa zonse, chamutu wotuwa, mlomo waukulu ndi timadontho tofiira m'mapiko ndi m'ntchafu. Chimenechi chimayenda mitunda italiitali kutsatira maula, ndipo mlomo wake umaswa nthanga ya muula imene ife timachita kuphwanya ndi mwala. Chachinayi ndi kachinkhwe ka ku Liwonde, kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ka nkhope yofiirira, mlomo wofiira ndi mkombero woyera kuzungulira diso.

Zonsezi zili ndi zala zinayi kuphazi, ziwiri zoloza kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo. N'chifukwa chake chinkhwe chimagwira chipatso ndi phazi limodzi n'kumachipititsa kukamwa monga mmene munthu achitira ndi dzanja.

Kodi n'zoona kuti chinkhwe chimangoloweza?

Mu 1977 mayi wina wasayansi wa ku America, Irene Pepperberg, anagula chinkhwe chotuwa cha ku Africa m'sitolo ya ziweto mumzinda wa Chicago, nachitcha Alex. Anachiphunzitsa kwa zaka 30 mpaka pamene chinafa mu 2007. Alex ankadziwa mawu achingerezi oposa 100, ankasiyanitsa zofiira, zobiriwira, zachikasu ndi mitundu ina, yonse pamodzi 7, ndipo ankawerenga zinthu mpaka 6. Akamuonetsa zinthu ziwiri n'kumufunsa kuti zikusiyana pati, ankayankha kuti ndi mtundu, kapena kuti ndi kaumbidwe. Zikakhala zofanana mu zonse, ankati palibe. Aphunzitsi anzanga adzandivomereza kuti funso lakuti zikusiyana pati siliyankhika ndi kuloweza. Limafuna kuganiza.

Chinanso chimene chingakondweretse okonda miyambo ndi ichi. Kwathu kuno mwana akatuluka m'chikuta amapatsidwa dzina. Mu 2011 Karl Berg ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ku Venezuela pa mtundu wina wa tizinkhwe tobiriwira. Kalikonse ka tizinkhweti kali ndi kaliridwe kakekake kamene anzake amakazindikira nako, ndipo ana amayamba kuphunzira kaliridweko kwa makolo akadali m'chisa. Ofufuzawo atasinthanitsa mazira pakati pa zisa, ana oswedwawo anatengera kaliridwe ka amene anawalera, osati ka amene anaikira mazirawo. Kunena kwina, ngakhale pakati pa zinkhwe, mwana amatengera pakhomo pamene wakulira.

Mbalame yophunzira chotere imakula pang'onopang'ono, imakhala ndi moyo wautali, ndipo siswa ana ambiri. Zinkhwe zambiri zimakhala ziwiriziwiri, chachimuna ndi chachikazi, kwa zaka zochuluka. Mpheta zikaphedwa zambiri chaka chino, chaka chamawa zachulukanso. Zinkhwe sizitero. Zikachepa, kubwerera kwake kumatenga nthawi yaitali.

Mphako sibzalidwa

Tsono tifike pa phata la nkhani. Zinkhwe za kwathu sizilukira chisa panthambi monga achitira atchete, ndipo sizigoba mtengo wolimba monga gogomole. Zimafunafuna mphako yopezeka kale mu mlambe, mu tsanya kapena mu mtengo wina waukulu, n'kuikiramo mazira. Kumene kulibe mphako sikuswedwa mwana wa chinkhwe, ngakhale zipatso zitachuluka bwanji.

Nanga mphako imabwera bwanji? Nthambi imathyoka ndi mphepo, madzi amvula n'kumalowa pabalapo, mtima wa mtengo n'kuyamba kufumbwa, chiswe n'kuchita mbali yake, gogomole n'kudzakulitsa khomo. Zimenezi zimatenga zaka makumimakumi. Mtengo wotere ukhoza kukhala wamoyo ndithu, wa masamba ndi zipatso, chifukwa madzi ndi chakudya cha mtengo zimayenda chakufupi ndi khungwa, osati pakati. Ndipo olowa m'mphako si zinkhwe zokha. Njuchi, akadzidzi, achanga, agologolo ndi mileme, onsewa amalimbirana nyumba zomwezo. Wodula mtengo umodzi wamphako wagumula mudzi wathunthu.

Taonani tsono dziko lathu la Thyolo. Mlendo wodutsa mumsewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje amachita kaso ndi kubiriwira kwa minda ya tiyi, ndipo amanena kuti kuno chilengedwe chinasamalika. Tiyi sindimunyoza. Wadyetsa mabanja zikwizikwi kwa zaka zoposa 100, ndipo amabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyi amaduliridwa kuti asapitirire m'chiuno mwa womutchola, choncho sadzakhala ndi mphako. Bulugamu amene amabzalidwa kuti akhale nkhuni zoumitsira tiyi m'mafakitale amadulidwa akadali wanthete. Kwawo kwa bulugamu ndi ku Australia, ndipo kumeneko zinkhwe zamitundumitundu zimaswera mwa iye. Koma akatswiri akumeneko amati mtengowu umayamba kuchita mphako ukapitirira zaka 100. Ndani mwa ife analekerera bulugamu kufika pamenepo?

M'masiku a Kamuzu tinali ndi tsiku lobzala mitengo m'mwezi wa Januwale. Pambuyo pake tsikulo linasanduka nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ndi mwambo wabwino, ndipo upitirire. Koma pa misonkhano yotsegulira nyengoyi timamva chiwerengero cha mbande zobzalidwa, osamva chiwerengero cha mitengo yokalamba imene yagwa chaka chomwecho. Mbande 1,000 sizingalowe m'malo mwa mlambe umodzi wamphako kufikira adzukulu a adzukulu athu atamera imvi.

Phunziro la phiri la Thyolo

Sitifunika kupita kutali kuti tione mmene nyumba ya mbalame imathera. Phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira yosayoyola masamba, ya mitengo italiitali yolengedwa nayo. M'nkhalangomo munkakhala kambalame ka msana wakhofi ndi khosi loyera, kokonda kutsatira linthumbu kuti kazitola tizilombo tothawa. Mu 1927 katswiri wa mbalame wa ku England, William Lutley Sclater, anakalemba m'mabuku a sayansi nakapatsa dzina lochokera ku Cholo, monga mmene azungu ankalembera dzina la boma lathu. Mpaka lero dziko lonse limakadziwa kuti Thyolo alethe. Si chinkhwe ayi, koma nkhani yake ndi chenjezo kwa chinkhwe.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kufika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nkhalango ya paphiripo inagwetsedwa pafupifupi yonse, malowo n'kusanduka minda. Zotsala ndi tizigawo tochepa, makamaka m'malire a maesiteti monga Satemwa, imene inakhazikitsidwa mu 1923. Kambalame kotchedwa ndi dzina la Thyolo tsopano kamadalira kwambiri phiri la Mulanje ndi mapiri a ku Mozambique monga Namuli ndi Mabu. Nkhalango imene inakula kwa zaka mazanamazana inatha mwana wobadwa pa chiyambi cha kudulako asanamalize sukulu ya pulayimale. Madzi akatayika saoleka.

Kachinkhwe ka ku Liwonde

William Sclater uja anali ndi mlongo wake dzina lake Lilian. Mu 1894 katswiri wina, George Ernest Shelley, polemba za kachinkhwe kopezeka ku Liwonde m'mbali mwa Shire, anakatcha ndi dzina la mayiyo. Choncho banja limodzi la ku England linasiya chizindikiro pa mbalame ziwiri za kummwera kuno. Kachinkhweka kamapezekanso m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi, ku Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, koma muno m'Malawi kwawo kwenikweni ndi ku Liwonde, kumene boma linakhazikitsa malo otetezera nyama mu 1973.

Chondinyaditsa n'chakuti amene anatidziwitsa zambiri za moyo wa tizinkhweti ndi mwana wa dziko lino, Dr. Tiwonge Mzumara-Gawa, amene anadzaphunzitsanso pa sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Ndata, konkuno ku Thyolo. Kafukufuku wake anaonetsa kuti ku Liwonde kunali tizinkhwe pafupifupi 4,000, ndi kuti timagona ndi kuswera m'mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya. Tsanya wachitsamba alibe nato ntchito. Tsoka lake n'lakuti tsanya wamkulu yemweyo ndiye amatulutsa makala olemera osatha msanga pambaula, ndiponso matabwa ndi mizati yosafumbwa. Wootcha makala ndi kachinkhwe amasankha mtengo umodzi.

Kafukufuku yemweyo anaulula vuto lina. M'chilimwe, madzi akatsala m'zithaphwi zowerengeka, anthu opha nyama mozemba ankathira chiphe m'madzimo, makamaka mankhwala a Temik amene ambiri timangoti tameki. Cholinga chawo chinali nyama ndi mbalame zokulirapo zoti akadye kapena kugulitsa, koma tizinkhwe timamwa madzi tsiku ndi tsiku, ndiponso timamwa m'chigulu, choncho tinkafa tambirimbiri pa chithaphwi chimodzi. Kuyambira mu 2015 bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa malowa mogwirizana ndi boma, ndipo chitetezo chinakhwima. Komabe mbalame sidziwa mpanda. Ikauluka kutuluka kunja, moyo wake uli m'manja mwa anthu a m'midzi.

Chikwere

Mdani wina wa chinkhwe ndi kukongola kwake komwe. Chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, cha mtundu wa Alex uja, kwawo ndi ku nkhalango za Congo, Cameroon, Ghana ndi maiko oyandikana nawo. Pakati pa 1975 ndi 2013 zinkhwe zotere zoposa 1 miliyoni zinatumizidwa kunja kwa Africa kukagulitsidwa, osawerengera zochuluka zimene zinafera m'njira. Ku Ghana ofufuza anapeza kuti kuchokera mu 1992 zinachepa ndi 90 mpaka 99 pa 100 zilizonse. Maiko a ku Ulaya analetseratu kuitanitsa mbalame zogwidwa kutchire mu 2007, ndipo mu 2016 msonkhano wa maiko a pangano la CITES umene unachitikira ku Johannesburg unaletsa malonda a pakati pa maiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Ngakhale zili choncho, malonda ozemba anasamukira pa intaneti.

Nkhani ya chikwere imabwereranso ku mphako. Wofuna ana a chinkhwe kawirikawiri amang'amba khomo la mphako ndi nkhwangwa, kapena kugwetseratu mtengo. Wapeza ndalama ya tsiku limodzi, koma nyumba imene ikanaswa ana chaka ndi chaka yatheratu. Ndipo chinkhwe chotsekeredwa chokha m'chikwere, mbalame yozolowera kukhala ndi inzake, nthawi zina chimafika pozula nthenga zake zomwe. Tikamva chikunena mawu athu timaseka, osadziwa kuti chikuyesa kucheza ndi amene chawapeza chifukwa anzake enieni kulibe.

Mawu a wotsutsa

Wina adzati, aphunzitsi, mukulankhula chifukwa mwakhuta. Wotereyu ayenera kumvedwa. Thyolo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000, pamene gawo lalikulu la nthaka yachonde lili m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda ndi thangata. Amene anakwera phiri ndi nkhwangwa sanali odana ndi mbalame. Anali makolo osowa polima. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Mlimi wa mapira ku chigwa adzaonjezanso kuti zinkhwe zimamudyera ngala zake, ndipo sakunama.

Nkhani ya malo ndi yaikulu, ndipo iyenera kukonzedwa ndi boma, mafumu ndi eni maesiteti mwachilungamo. Koma tifunse, kodi phiri litametedwa, njala ya malo inatha? Sinathe. Anthu akuchulukirabe, nthaka ya pamtsetse ikukokoloka, ndipo nkhalango palibe. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'Malichi 2023 pa phiri la Soche ku Blantyre ndi m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu safunika kuuzidwa kuopsa kwa phiri lopanda mizu. Mwambi umati nkhuyu zodya ana zipota akulu. Pa nkhani iyi zatembenuka. Adya ndi akulu, odzapotedwa m'mimba ndi adzukulu.

Ndipotu chimene ndikupempha si kuti anthu aleke kuphika kapena kulima. Nkhuni zichokere ku bulugamu ndi mitengo ina yokula msanga, imene ndiyo ntchito yake. Mtengo wokalamba wamphako umatenga malo ochepa m'munda. Za mapira, makolo athu ankamanga nsanja m'munda, ana n'kumaingitsa mbalame ndi mfuu ndi zitini mpaka kukolola. Sankathira chiphe m'madzi amene ng'ombe ndi anthu amamwanso.

Nzeru tinali nazo kale

Yendani m'midzi ya kwathu kuno muone kumene kwatsala mitengo yachilengedwe ikuluikulu. Mudzaipeza kumanda. Palibe mlonda wa boma kumeneko, palibe mpanda wa waya, koma munthu sangalowemo ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha amfumu. Ku Nsanje nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, yasungika ndi ulemu womwewo. Mtengo wa kachere kapena mkuyu wa pabwalo sunkakhudzidwa, chifukwa mumthunzi mwake ndimo munkaweruzidwa milandu. Anthu athu amadziwa kulemekeza mtengo akauzidwa chifukwa chake ndi munthu amene amamukhulupirira.

Tsono pempho langa nali. Mafumu athu, mwini mudzi aliyense ayende ndi nduna zake, awerenge mitengo yokalamba yotsala m'dera lake, ailengeze pabwalo kuti ndi ya mudzi, ndipo woidula alipe chindapusa monga alipira wolakwira manda. Aphunzitsi, pa nyengo yobzala mitengo kalasi lililonse lisankhe mtengo umodzi wokalamba woti liziuyang'anira, ana alembe dzina lake ndi zamoyo zimene aziona zikulowa ndi kutuluka m'mphako zake. Pa mbande zobzala pasasowe mbawa, muula, mkuyu, katope ndi masuku. Makalabu a zachilengedwe a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi akhoza kuthandiza pa ntchitoyi. Eni maesiteti amene anasunga tizigawo ta nkhalango tiwayamike, koma tiwapemphenso kuti azitsegulira ana a sukulu a m'midzi yowazungulira. Mwana sangateteze chinthu chimene amangochionera kunja kwa mpanda ngati cha alendo.

Inu adzukulu a m'tauni, ndi inu muli ku Joni, musagule chinkhwe kwa munthu woyenda nacho m'katoni kapena wotsatsa pa foni. Wogula ndiye amatuma wogwira. Kumbukiraninso kuti lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakonzedwanso mu 2017, linakhwimitsa zilango, ndipo pa milandu ikuluikulu munthu akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Anyamata a legeni ndi ulimbo, phunzirani kuyamba mwayang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuti zinthu zikhoza kukonzeka, umboni ulipo. Pa chilumba cha Mauritius, m'nyanja ya India, mtundu wina wa zinkhwe zobiriwira unatsala ndi mbalame zosakwana 20 m'zaka za m'ma 1980, nkhalango itatha ndi mphako zitasowa. Anthu akumeneko anateteza mitengo yotsala, nakonza mphako zowonongeka, napachika mabokosi oti zinkhwe ziziswera, ndipo pofika 2019 zinali zoposa 700. Koma ntchitoyo inadya zaka zoposa 30 ndi ndalama zochuluka. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe, chifukwa ina mwa mitengo yathu ikali chiimire, ndipo kuisiya sikulira ndalama.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, unatero mwambi. Nkhalango nayo ili ndi akuluakulu ake, ndiwo mitengo yopindika, ya zipsera ndi mphako, imene wopala matabwa amaiona ngati yopanda pake. Mukabwera kumudzi pa tchuthi chikubwerachi, funsani agogo anu akuonetseni mtengo wakale kuposa yonse m'dera lanu, muphunzire dzina lake, mukhale pansi pake mwakachetechete kufikira muone amene amakhalamo. Mukatero mudzandilembere zimene mwaona.

Tsalani bwino, adzukulu anga.